Siponji ya Njinga ya Alamu

Ine ndine makaniko wa njinga zamoto, ndipo pa zaka khumi ndi ziwiri sindinabwezepo njinga ya munthu ikusowa ngakhale nati imodzi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zomwe anandichita abale anga zimandiwawabe mpaka lero.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono, amanyamula anthu pa kanjinga ka bwana wawo. Kanjingako kankati kakafika pachitunda n'kuyamba kutsokomola ngati nkhalamba. Tsiku lina anabwera ku galaja kumene ndinkagwira ntchito, akudandaula kuti anzawo akuwalanda makasitomala.

"Alamu, tayipatseni mphamvu iyi. Akatswiri ndinu, nanga ndipitenso kuti?"

Ndinakomedwa, ndisaname. Ndinamasula bokosi la mpweya n'kuboola mabowo atatu pachivundikiro kuti injini izipuma bwino. Ndinadula siponji yatsopano yachikasu, ngodya imodzi n'kuisema kuti ikhale bwino pambali pa paipi, kenako n'kuinyowetsa ndi oyilo kuti izigwira fumbi. Mu kabureta ndinaikamo jeti yokulirapo, chifukwa mpweya ukachuluka petulo nayenso amafunika wochulukirapo. Titaiyesa njingayo, inakwera chitunda tili awiri osadandaula n'komwe. Ndinawachenjeza chinthu chimodzi chokha: siponjiyo asadzaichotse, olo wina awanamize bwanji.

Patatha milungu itatu anabwera akuikankha, bwana wawo ali pambuyo, nkhope ili ndwii. Njinga inkangofuka utsi, mphamvu zii. Nditatsegula bokosi lija, siponji munalibe. Mchenga unali mpaka kukhosi kwa kabureta, silinda yonse yokandikakandika.

"Ine bokosilo sindinalitsegulepo," anatero alamu, maso ali gwa, anthu onse akumva. "Mmene anandipatsira ndi momwemo."

Ndinagwidwa njakata. Mwini galaja, munthu wosakonda zambirimbiri, anandikokera pambali. Anati ngati pofika Lachisanu sindisonyeza kuti siponji ndinaikamo, ndisiye masipanala ake ndizipita. Iye sangasunge munthu woiwala siponji yosefa mpweya, makasitomala angamuthawe.

Lachinayi masana ndinapita kwa mlongo wanga kuti mwina awalankhule amuna akewo. Ndinamupeza pakhonde akupukuta nsapato zawo zakuda. M'manja mwake munali siponji yachikasu, ngodya imodzi yosemedwa. Kadulidwe ka mpeni wanga ndimakadziwa ine.

"Iwe, waitenga kuti imeneyo?"

Sanadzidzimuke ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho n'chimene chinandibaya. Anapitiriza kupukuta chidendene cha nsapato.

"Anaichotsa tsiku lachiwiri lomwe, achimwene. Anzawo anawauza kuti njinga ikamalira mokweza anthu amaithamangira. Ndinawaletsa, sanamve."

"Ndiye ubwere nayo mawa ku galaja, ukanene zomwezi."

"Ndikanene kuti bwana wawo awalande njinga? Ana anga adya chiyani?"

"Nanga anga adya masipanala?"

"Inu muli ndi luso m'manja, mupeza pena. Awa akachotsedwa pamenepa, basi, atha."

Tamvani zimenezo. Mwana amene ndinkamubereka kumsana mayi akapita kuntchito, amene ndinkamupukuta mamina ndi malaya anga, anali atakhala pansi ndi amuna ake n'kugwirizana kuti wogwa ndikhale ine. Amati chibale n'fupa, sichiwola. Langa ndinaliona likuwola dzuwa likuswa mtengo.

Mtima unawira. Ndinatambasula dzanja kuti ndimulande siponjiyo. Iye anaibisa kumbuyo, n'kundiyang'ana m'maso, misozi ili lengelenge koma mawu osanjenjemera.

"Mukaitenga, achimwene, ine ndikanena kuti mwabwera nayo nokha lero. Ndikalumbira pamaso pa onse."

Dzanja linangogwa lokha. Ndinaima pakhondepo ngati chitsiru, ana ake akundikoka buluku kufunsa ngati amalume abweretsa masiwiti. Ndinawasisita pamutu, ndinatuluka pageti osatsanzika.

Lachisanu m'mawa ndinapukuta masipanala onse, n'kuwandandalika pabenchi kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Mwini galaja anandifunsa ngati ndapeza umboni uliwonse. Ndinali nawo, ndinauona ndi maso angawa, koma kuti ndiutchule ndinayenera kumutcha mlongo wanga wabodza pagulu. Ndinati ayi, ndilibe.

Anagwedeza mutu, n'kundiuza kuti ovolosi nayonso ndi ya galaja, ndivule ndisanapite.