Khosi la Domnica

Kumudzi kwathu ku Maramureș, maliro opanda Domnica anali ndiwo zopanda mchere. Ankalira moimba, n'kumatchula dzina la malemu, nkhosa zake, ngakhale uchidakwa wake, mpaka amuna ouma mtima ankabisa nkhope m'zipewa.

Atamuchotsa chithokomiro pakhosi, kupuma kunayamba kumuvuta. Akakoka mpweya pankamveka kamluzu, milomo n'kuda. Dokotala wa m'tauni sanazungulire.

"Mayi, timinofu ta mawu tauma, tatseka njira. Tikadulako kamodzi mupuma bwino, koma kuimba muiwale. Muzingonong'ona."

"Nanga abambowa adzawalira ndani?" anafunsa Domnica, akuloza mwamuna wake Gavril, amene matenda a mtima anali atamudya kale.

"Tamverani nkhalambayi, yandiika m'manda ndili maso!" anatero Gavril. "Mukatsogola ndinu, nsima yathu ya mamaliga azindiphikira ndani? Kadulitseni. Nanenso makutu angawa apumeko."

Anadulitsa. Gavril anamwalira m'nyengo imene zipatso za maplamu zimapsa.

Kwathu bokosi la maliro likafika pachipata cha nyumba limaima, ndipo wamasiye amamuitana mwamuna wake mokweza kuti asachoke ngati mlendo. Onyamula anaima. Domnica anali ndi mawu onse m'mutu, anali atawakonza kalekale: za chikhoti chobwereka chimene Gavril anavala paukwati, za mwana amene anamuika ali khanda. Anatsegula pakamwa. Panatuluka mphepo yokha.

Anthu anadikira mpaka kuyamba kuyang'ana pansi. Kenako Saveta, woyandikana naye amene moyo wake wonse ankangovomera nyimbo za Domnica, anayamba kulira moimba ndi mawu ake onga a mbuzi. Analakwitsa ngakhale dzina la bambo ake a Gavril. Bokosi linatuluka.

Pachakudya cha pambuyo pa maliro, Domnica ankagawa buledi. Amayi awiri, amene iye anawalirira amuna awo mpaka kusasa mawu, ankakamba osatsitsa n'komwe liwu. Anthu ndi otero, munthu ukasiya kuyankhula amayesa wasiyanso kumva.

"Analirira amuna a eni, wake wamuika ngati galu."

"Paja anachita kusankha yekha. Akadadikirako pang'ono, bwenzi mwamunayo atapita ndi ulemu."

Domnica anafuna kuwayankha, koma m'phokoso la masupuni akanamumva ndani? Anawaikira buledi patsogolo. Mpweya unkalowa ndi kutuluka bwinobwino m'khosi mwake, ndipo anadana nawo mpweyawo.