Maloko Awiri pa Shedi ya Talandira

Pa chitseko cha shedi ya kampani yathu pali maloko awiri, wina pamwamba, wina m'munsi. Kiyi wa loko wam'munsi ndimasunga ine, Pauline, ndipo ndimamumangirira pa chingwe m'khosi muno ngati kolona. Kiyi wa pamwamba, nthawi imene ndikunenayi, ankasunga a Aleck. Kampaniyo ndi ya alimi a mbatatesi kuno ku Tsangano, dzina lake Talandira. M'shedimo mumakhala feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera, chuma cha mabanja mazana atatu.

Mukudziwa chimene komiti inatisankhira awirife? Si sukulu ayi. Anatisankha chifukwa tinkadana. Chaka china ng'ombe za a Aleck zinalowa m'dimba mwanga n'kudya kabichi yense, mitu mazana awiri, ine ndili mayi wamasiye wa ana atatu. Ndinawatsatira pamsika, ndinawalalatira mpaka ogulitsa nyemba anasiya kuyeza. Kuchokera pamenepo ngakhale moni sitinkapatsana. Ndiye a Yoramu, wapampando wathu, anaimirira pamsonkhano nati, "Abale, makiyi tiwapatse awiriwa. Anthu osalonjerana angagwirizane bwanji kuba?" Anthu anaomba m'manja, ndithu, ena mpaka nthungululu.

Koma a Yoramu anaiwala chinthu chimodzi. Anthu awiri okumana pa chitseko chimodzi m'mawa uliwonse, m'chifunga cha kwathu kuno cholowa mpaka m'mafupa, sangakhale duu zaka zinayi. Chaka choyamba tinkangotsegula, aliyense kuyang'ana kwake. Chachiwiri loko wanga anachita dzimbiri, iwo anabwera ndi kabotolo ka oyilo n'kudonthezera osanena kanthu. Chachitatu ndinapeza mbande za kabichi pakhomo panga, mazana awiri ndendende, zokutidwa bwinobwino ndi masamba a nthochi. Ndinakwiya kwambiri, koma ndinabzala. Zotsatira zake ndinene chiyani? Akazi awo anali atamwalira kalekale, amuna anga chimodzimodzi. Ndinawakonda bambo aja, sindikubisa.

Vuto linali lamulo la kampani. Linkati anthu a banja limodzi sangasunge makiyi onse awiri, kotero tikanakwatirana mmodzi akanasiya ntchito. Ndiye pagulu tinkapitiriza kudana. Ine kuwatsonya, iwo kuyang'ana kumbali. Poyamba zinkandiseketsa, kenako zinayamba kundiwawa. Ndikawafunsa za ankhoswe ankati, "Tidikire tikolole kaye." Tikakolola, "Tidikire tigulitse." Tikagulitsa, mvula yayamba. Mumtima ndinayamba kuganiza kuti bambowa amakonda kiyi wawo kuposa ine, ndipo ndinatsimikiza kuti chaka chimenecho chikatha chonchi, ine basi.

Apa n'kuti kampani ina ya ku Lilongwe yopanga tchipisi cha m'mapaketi itatilembera kalata. Inkafuna tiziigulitsa mbatatesi chaka chonse, koma inati choyamba kubwere odita, munthu wofufuza mabuku ndi kaonedwe ka katundu, adzaone ngati zinthu timaziyendetsa bwino. Tsiku loti odita abwera mawa lake, a Aleck anandinong'oneza kuseri kwa matumba.

"Mawa tidane kwambiri, mwamva? Zikadutsa zimenezi tikambirana."

"Tikambirana liti, tsiku la chiweruzo?" ndinawayankha, n'kuwasiya pomwepo.

Ine ndinkayembekezera chibambo cha taye, cha nkhope ngati chamwa mankhwala a malungo. Amene anatsika pa njinga ya kabaza anali mayi wamfupi, wovala jekete lofika m'maondo, akuseka ndi kuzizira kwathu. Anati dzina lawo ndi Sellina. A Yoramu anayamba kulumbira kuti kuno kulibe wakuba, mayiwo n'kuwadula.

"Bambo, sindinabwere kudzagwira wakuba. Ndabwera kudzaona ngati pali mipata yoti wakubayo, tsiku limene adzabwere, adzadutsemo. Ndionetseni mmene thumba limodzi la feteleza limatulukira muno, kuyambira mlimi akafika mpaka atasenza."

Tinawaonetsa. Mlimi amalipira kwa kalaliki n'kulandira lisiti. A Aleck amaona lisitilo n'kulemba vocha yotulutsira katundu. Ine ndimawerenga matumba, kupereka, n'kuchotsera pa khadi la katundu. Ndipo shedi ikatsegulidwa, tonse awiri timasaina m'buku la pakhomo. Mayi Sellina ankangolemba, nthawi zina kufunsa kuti, "Nanga vocha ikalakwika mumaitaya kuti?" kapena, "Bukuli amaliona ndani kupatula inu?" Ife uku tili kalikiliki ndi sewero lathu.

"Tasunthani mayi inu, mukunditchinga," anatero a Aleck.

"Sunthani ndinu, mwini ng'ombe zakuba!"

A Yoramu chimwemwe chokhachokha. "Mwaona, madamu? Chitetezo chathu n'chimenechi. Awa ngakhale madzi sangapatsane."

Masana mayi Sellina anati tiwerenge katundu. Ee, mayi aja! Sanakhutire ndi matumba a kutsogolo. Anavula nsapato n'kukwera pamwamba pa mulu, anatichotsetsa a pakati kuti aone ngati mulibe mphako, kenako analoza okha matumba asanu kuti aikidwe pa sikelo. Khadi langa linkati matumba 412. Anapeza 412. Ndinatuluka m'shedimo phewa lili m'mwamba, ndikuyang'ana a Yoramu ndi diso la m'mbali.

Tsiku lachiwiri mayi Sellina anakhala muofesi okha. Anasolola mavocha makumi awiri ndi asanu mwachisawawa, iliyonse n'kuilondola ku lisiti lake, ku khadi, mpaka ku buku la pakhomo. Anapemphanso buku la tchuthi, ine n'kumadabwa kuti tchuthi ndi feteleza zikugwirizana pati. Cha m'ma leveni anatiitana atatu, ine, a Aleck ndi a Yoramu. Anatipatsa mipando, mavocha ali ndandanda patebulo.

"Zambiri zili bwino," anatero mayi Sellina. "Koma pali tsiku limodzi. Pa 14 Juni shedi inatsegulidwa, matumba makumi atatu anatuluka. Malisiti alipo. Alimi atatu ndawaimbira foni, avomera kuti analandira. Palibe chimene chinasowa. Koma m'buku la pakhomo muli siginecha ya a Aleck yokha, malo a mayi Pauline ali mbee. Ndipo buku la tchuthi likuti mayi Pauline anagonekedwa kuchipatala ku boma kuyambira pa 12 mpaka pa 16. Tsono ndithandizeni. Loko wam'munsi anatsegulidwa ndi kiyi wa yani?"

Mayo ine! Tsikulo ndinalikumbukira bwino. Malungo anandigwetsa koopsa mwezi umenewo, ndipo a Aleck anakwera minibasi ulendo wonse uja kundibweretsera thobwa m'chigubu. Atakhala pamphepete pa bedi anandiuza kuti alimi akhala akudikira feteleza wobereketsa masiku awiri, mbatatesi za m'madimba zikuchita chikasu. Ndinavula chingwe m'khosi n'kuwapatsa, osaganiza kawiri. Iwo, poti ndi munthu wosadziwa bodza la pa pepala, anasaina malo awo okha.

A Yoramu anadzambatuka pampando. "N'zosatheka zimenezo! Pauline kupatsa Aleck kiyi? Ndiye kuti anachita kuba. Aleck, unasulitsa kiyi wina eti?"

"Khalani pansi, bambo," anatero mayi Sellina, mawu ali ofatsa. Kenako anatembenukira kwa ife. "Funso ili ndimafunsa kulikonse kumene anthu awiri akusunga makiyi, ndipo yankho lake ndimalemba m'lipoti. Pakati pa awirinu pali ubale wanji?"

Tsangano yense amadziwa kuti pakamwa panga sipachedwa. Koma tsiku limenelo ndinatseka dala. Ndinapinda manja n'kuwayang'ana a Aleck. Ndinati mumtima, bambo inu, nenani kuti palibe, mundione ngati mudzandionanso.

A Aleck anavula chipewa. Anachitembenuza uku, anachitembenuza uko. Anakhosomola. Ine ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi buku la tchuthi.

"Lembani, madamu," anatero pomaliza. "Lembani kuti kiyi sindinabe. Anandipatsa okha kuchipatala, nditawapititsira thobwa."

"Thobwa?" anakuwa a Yoramu. "Iwe kupititsira thobwa Pauline?"

"Lembaninso kuti ubale pakadali pano palibe, ndipo chifukwa chake ndi mantha anga. Mayiwa ndimawakonda. Ndawazunza ndi kudikira zaka ziwiri. Loweruka likubwerali ankhoswe anga akupita kwa amalume awo, ngati eni ake sanatope nane." Anamasula kiyi pa lamba n'kumuika patebulo, pamwamba pa mavocha aja. "Lamulo ndikulidziwa. Wosiya ntchito ndine. Ndili ndi ng'ombe ndi ngolo, sindigona ndi njala. Awa ali ndi ana atatu, ndipo kuwerenga matumba amandiposa kutali."

Ndinkafuna kulankhula mwaulemu, Mulungu ndi mboni. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Zaka ziwiri zonsezi munkadikira odita kuti akufunseni? Ine ndikamafunsa munkandiyesa wailesi?" Ndikunena choncho misozi ili chuchuchu, kuseka kulinso pomwepo. Ndinasangalala, abale, ndinasangalala mpaka manyazi.

A Yoramu anagwira m'mutu. Za ukwati sizinawakhudze n'komwe. "Kalanga ine," anadandaula, "ndiye anthu odana chonchi tikawapezanso kuti? Mwina tiyese a Maynard ndi mlamu wawo, aja analandana malire a munda?"

Mayi Sellina anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Bambo, musakasakenso adani. Mwaona nokha kuti anthu amakhululukirana, ndipo akakhululukirana sabwera kudzakuuzani. Zaka zinayi katundu wanu watetezedwa ndi kukhulupirika kwa awiriwa, osati ndi dongosolo lanu. Akanakhala ena, bwenzi shedi ili pululu inu mukuomba m'manja."

Anatiuza zimene adzalembe, ndipo sanatinyengerere. Za pa 14 Juni anati azilemba monga chofooka chachikulu. Kiyi wa pamwamba azisinthana a komiti miyezi itatu iliyonse. Pakhale kiyi wapadera mu envelopu yomata, yosainidwa ndi anthu atatu, kuti wina akadwala alimi asavutike komanso pasakhale zopatsana makiyi pa bedi la chipatala. Apa anandiyang'ana ine, ndinaweramitsa nkhope. Munthu wopanda kiyi aziona buku la pakhomo Lachisanu lililonse, ndipo kamodzi pa mwezi katundu aziwerengedwa modzidzimutsa. Anati tikachita zimenezi a ku Lilongwe aja sadzakhala ndi chokanira, ndipo patapita miyezi iwiri anasainadi mgwirizano. Tsiku lomwelo, pokwera kabaza, mayi Sellina anandikokera pambali.

"Mayi, ndinayamba kukayika dzulo lomwe. Munthu amene mumadana naye simumuchotsa kachitsotso pa kolala uku mukumutukwana."

Loweruka ankhoswe anapitadi. Lolemba m'mawa ndinafika pa shedi chifunga chili tolo, alimi ali pamzere ndi malisiti awo, a Yoramu akulimbana ndi loko wa pamwamba amene sankamudziwa kapotokoledwe kake. Ndinamva ngolo ikubwera, mabelu a ng'ombe zija, zidzukulu za zimene zinadya kabichi wanga. A Aleck anatsika. Dzanja lawo linapita lokha pa lamba, pamene pankakhala kiyi, n'kupeza palibe. Kenako anavula chipewa pamaso pa mzere wonse uja, n'kukweza mawu kuti ndi wa kumapeto yemwe amve.

"Mwadzuka bwanji, mayi Pauline?"

Zaka zisanu ndi ziwiri chidyereni ng'ombe kabichi, munthu uyu anali asanandipatsepo moni pagulu. Ndinasiya kiyi ali m'loko n'kutembenukira kwa iwo.

"Ndadzuka bwino," ndinayankha, "kaya inu, bambo."