Msana wa Nasingano

Msana wa Nasingano unayamba ngati nthabwala. Akamadzuka pa makina ake osokera, ankagwira m'chiuno n'kuseka kuti ukalamba wabwera osaitanidwa. Koma miyezi inapita ululu osachoka, mpaka tsiku lina analephera kuwerama kuti atole sizasi. Dzina loti Nasingano anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa diresi losokedwa ndi iye silinkabwerera kudzakonzedwa. Shopu yake inali kachipinda kamodzi, makina amodzi ndi galasi lalitali, koma moyo wake wonse unali mmenemo.

Mwamuna wake, dalaivala wa lole, anamutengera kuchipatala. Anamuyeza, anamujambula, ndipo fupa losweka sanalipeze. Anamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti apume masiku ochepa, kenako abwerenso. Tsiku lobwererako litafika, bamboyo anati, "Musadzivute, mayi. Mankhwalawo ndizikakutengerani ine."

Kenako kunabwera mlamu wake, mlongo wa mwamunayo, yemwe Nasingano anamuphunzitsa yekha kugwira singano. Analowa m'chipinda nkhope ili yachisoni ngati wabwera pamaliro.

"Alamu, gonani," iye anatero uku akumukonzera pilo. "Mukadzuka ululu usanathe mupuwala, ndithu. Bweretsani makiyi, ndizikutsegulirani shopu kuti makasitomala asabalalike."

Nasingano anapereka makiyi, n'kuthokoza kuti anakwatiwa kwa anthu. Sanadziwe kuti wasungitsa mbuzi kwa fisi.

Anagonadi. Mwamuna akabwera ndi mapilisi, ankamufunsa kuti, "Bambo, anamwino akuti chiyani?" Yankho linali limodzi: "Akuti muzigona, osayendayenda." Mvula inabwera n'kupita iye akuyang'ana kudenga. Miyendo inaonda, ululu unakwera mpaka m'mapewa, tulo tinathawa, m'mimba namonso munayamba kutentha. Pogona pomwe ankayembekeza kuchirapo ndi pamene ankatherapo.

Sabata ina mwamuna wake ali pa ulendo wautali, mapilisi anatha. Mayi woyandikana naye nyumba anamugwira mkono n'kumuperekeza kuchipatala. Namwino, mayi wamkulu wosabisa mawu, atamva dzina lake anavula magalasi.

"Ndinu inu! Mwaganiza zotani lero? Amuna anu amati mumakana kubwera."

"Ine kukana?"

"Ulendo uliwonse ndimawauza kuti, 'Bwerani nawo mayiwo, ndipo aziyenda, asamangogona.' Iwo amati, 'Akazi anga ndi amakani, samva zonena anthu.' Ulendo wathawu ndinawauza kuti sindiperekanso mapilisi ndisanakuoneni."

 Mawuwo anamupweteka Nasingano kuposa msanawo, ndipo misozi inatsika yokha pamaso pa anthu. Namwino anamusiya alire, kenako anamuyeza bwinobwino n'kukoka mpando.

"Mayi, ululu si mdani," iye anatero. "Mukakhudza ayironi yotentha, mitsempha imathamangitsa uthenga ku ubongo, ubongo n'kukuuzani kuti chotsani dzanja. Popanda ululu bwenzi tikupsa osadziwa. Uli ngati galu wapakhomo, amauwa kukabwera wakuba. Koma ululu ukakhalitsa miyezi yambiri, galu uja amayamba kuuwa ngakhale tsamba likagwa. Malo amene anavulala anapola kale, koma mitsempha ikuchitabe mantha."

"Ndiye kuti ndikunamizira?"

"Ayi, ululuwo ndi weniweni. Koma kumva kuwawa sikuti nthawi zonse mukuwononga thupi. Kugona kumeneku ndi kumene kwafooketsa minofu yogwira msana. Muyambe kuyenda, lero mpaka pageti, mawa kupitirira pang'ono. Ndikuonetsani mowongolera thupi. Muziika nsalu yonyowetsa m'madzi ofunda pamene pakuwawa, muzigona nthawi yofanana, ndipo muzicheza ndi anthu, chifukwa nkhawa imakulitsa ululu. Mapilisi awa tiwachepetsa, akamwedwa nthawi yaitali amawononga m'mimba ndi impso. Mukabwerera pa makina, musamakhale osadzuka. Koma mukamva dzanzi m'miyendo, mukalephera kugwira mkodzo, kapena mukayamba kutentha thupi, mubwere tsiku lomwelo."

Mwamuna wake atabwerako anamupeza panja, akuyenda mogwira khoma. Chikwama cha paulendo chinatsala pang'ono kugwa m'manja mwa bamboyo.

"Mayi, mukutani? Anamwino anati..."

"Malizani, bambo. Anati chiyani? Ndakumana nawo."

Bamboyo anayang'ana nsapato zake. "Mlongo wanga analibe pogwira," iye anatero motsitsa mawu. "Anandipempha kuti mupumeko kaye mpaka iye azolowere ntchito ya m'shopu. Inenso ndinkaona kuti kupuma sikupha munthu."

"Sikupha? Onani miyendo iyi! Munkandimva ndikubuula, inu mawu ondichiritsa muli nawo m'kamwa, n'kumawameza. Kenako n'kukauza anthu kuti ndine wamakani. Mukanandipempha makinawo, bambo, mwina ndikanapereka. Koma inu munatenga thupi langa."



Nasingano anapitiriza kuyenda. Masiku ena msana unkalusa, iye n'kuchepetsa mtunda koma osasiya. Ululu sunathe, unangofatsa. Anafika pageti, kenako pakona ya msewu, ndipo m'mawa wina anapezeka ataima pakhomo pa shopu yake. Chikwangwani chinali chitapakidwa penti yatsopano, dzina lake litafufutidwa. Kasitomala wake wakale, yemwe ankayesa diresi pagalasi, atamuona anagwira pakamwa.

"Nasingano! Si anatiuza kuti munapuwala, simudzasokanso?"

Makina anasiya kulira. Mlamu uja, ali pampando wa makinawo, anayesa kumwetulira koma milomo inakana.

"Alamu, mwayenda bwanji mtunda wonsewu? Mudzipweteka."

Nasingano analowa, n'kutenga makiyi pamsomali, n'kuwaika m'thumba la diresi lake. Msana unkawawa, koma anaima chilili.

"Dzukani, alamu," iye anatero. "Kukhalitsa pampando kumapweteka msana. Ine ndamva kwa anamwino enieni."

Phunziro: Ululu ndi chenjezo la thupi, koma ukakhalitsa sutha ndi kugona kapena mapilisi okha. Yendani pang'onopang'ono, samalani tulo ndi maganizo anu, ndipo malangizo a kuchipatala muzikadzimvera nokha, pakuti thupilo ndi lanu.