Chitowe pa Lona Lobiriwira

A Willard anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa kampu ina ya alendo m'mbali mwa Shire, ku Machinga. Ntchito yawo inali kukhoma matenti, kuyala malona pansi, ndi kuwatsuka alendo akachoka. Atabwerera kwawo ku Utale anauza anthu kuti anali manijala wa matenti. Popeza panalibe amene anapitako kukaona, dzinalo linakhazikika.

Anabwera ndi malona awiri amene bwana wawo anawapatsa potsanzikana. Lina linali labuluu, lapulasitiki wokhuthala, la banga la dizilo pakati ndi chigamba pakona. Limenelo anapatsa akazi awo, a Scholastica, ndipo linaona zonse: chimanga, nandolo, makaka, mpaka mbuzi inaberekerapo. Linalo linali lobiriwira, lolukidwa bwino, lopindidwa m'mphepete, la mphete zachitsulo m'makona. Limenelo linkagona m'thumba lake pamwamba pa kabati.

Linkatsika kawiri pa chaka kudzatsukidwa, ngakhale panalibe cholidetsa. A Willard ankalitsuka okha. Sopo ayi, mwala wokhulira ayi. Madzi ozizira ndi bulashi yofewa basi, kenako kuliyanika pamthunzi, mbali iyi ndi mbali iyo, kuti lisachite chuku. A Scholastica ankangoliona patali, lili pachingwe.

"Ili si lona wamba," a Willard ankauza Che Sufiyani, mlimi woyandikana nawo. "Ili limalowetsa mpweya. Azungu amaliyala pakhonde la tenti ija imakokedwa ndi galimoto, kuti udzu wapansi usafe."

"Azungu amasamala udzu?" anatero Che Sufiyani. "Abwere adzatenge wa m'munda mwanga, a Manijala. Ndiwapatsa ulere, ndi khasu lomwe."

Chaka chimenecho a Scholastica anadzala chitowe, mbewu imene anakaitenga okha kwa achemwali awo ku Ngokwe. Anabzala okha, anapalira okha. A Willard ankafika pamunda kudzanena kuti mizere yakhota. Mu Meyi mayiwo anadula chitowe chija, namanga mitolo makumi anayi, naiimika pamtanda kuti iume. Patapita masabata awiri makoko anayamba kuyasama. Chitowe chikafika pamenepo sichidikira munthu: mphepo ikangogwetsa mtolo, chonse chili m'dothi. Anasankha Lachinayi kuti akutumule.

Lachitatu kunabwera uthenga woti a Monica, alangizi a bungwe lina la ulimi, adzafika mawa lake kudzajambula, chifukwa a Scholastica ndiwo anali oyamba kulima chitowe m'mudzimo.

M'mawa wa Lachinayi a Willard anatuluka atavala malaya akhaki a ku kampu, thumba lija lili kukhwapa. Anapeza akazi awo akukoka lona labuluu.

"Mayi a Mwai, limenelo bwezani."

"Ndikutumulira pa chiyani?"

"Pa ili. Zithunzi zimenezi zikafika ku Lilongwe. Mukufuna anthu akaone pamene panaberekera mbuzi?"

"Akudzajambula chitowe, bambo a Mwai, osati lona."

"Kusankha lona ndi ntchito yanga. Zaka khumi ndi zinayi. Inu mumadziwa khasu."

A Scholastica sanafune mkangano pa tsiku la alendo. Komanso, tinene zoona, lonalo ankalisirira kuyambira tsiku limene linalowa m'nyumba. Anangoti aliyale pabwalo, pamene pansi ndi pouma, posesedwa.

"Iyayi," anatero a Willard. "Pamenepo pali timiyala, tingaliboole. Lona ngati ili limafuna pofewa."

Anayendayenda manja ali kumbuyo, akupondaponda pansi ngati akufuna pokumba chitsime, mpaka anapeza pamchenga, kumapeto kwa munda. Anayala lona lija, nakhoma zikhomo m'mphete zonse zinayi, nauza aliyense kuti avule nsapato.

A Monica anafika pa njinga yamoto. Che Sufiyani anabwera kudzathandiza kunyamula mitolo, ngakhale kwenikweni anabwera kudzaona lonalo likugwira ntchito asanamwalire. Ntchito inayamba. A Scholastica ankatenga mtolo, kuuzondotsa, kuugogoda ndi kamtengo, chitowe n'kumayoyoka ngati mvula yowaza. A Monica ankajambula ndi foni. Pa chithunzi chilichonse panali a Willard, dzanja limodzi pachiuno, lina likuloza lona.

"Madamu, mulembe kuti alimi azisankha lona mosamala. Ambiri amangotola chilichonse."

"Bambo, tasunthani pang'ono, mukuwatchinga amayi."

Anasuntha, natenga bulashi yawo yofewa. Tsache analiletsa, akuti limakanda. Anagwada n'kuyamba kusonkhanitsa chitowe pakati, akukankhira uku, kubwezera uko, mofatsa, kwinaku akufotokozera a Monica za mlendo wina wa ku Jeremani amene anawagwira chanza kawiri.

Mitolo khumi inatha. Makumi awiri. Pofika makumi atatu a Scholastica anaima, kamtengo kali m'manja, akuyang'ana kamulu kamene kanali pakati pa lona. Kakanakwana m'beseni losambira m'manja.

"Mitolo makumi atatu, chitowe chake n'chimenechi?"

"Mbewu ya ku Ngokwe ndi yotero," anatero a Willard. "Thunthu lalikulu, m'kati mulibe kanthu. Mukanandifunsa."

"Ndaona ndi maso anga chikugwa."

"Ndiye kuti ndi mphepo."

Kunalibe mphepo. Che Sufiyani anagwada pakona, nazula chikhomo, natukula lona pang'ono. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, monga munthu amene sakufuna kuti chinthu chokoma chithe msanga.

"A Manijala, tabwerani. Paja munati limalowetsa mpweya wokha?"

Pansi pa lona mchenga wonse unali wamawangamawanga. Chitowe chinali chitadutsa m'timabowo ta lonalo, china chokha, chambiri mothandizidwa ndi bulashi, ndipo mapazi a anthu anayi anali atachipondereza mumchenga. Nyerere zinali zitamva kale, zitapanga mzere.

A Willard ankadziwa bwino lomwe kuti madzi ndi fumbi zimadutsa pa lonalo. Koma zaka zonse zimene anzawo ankakolola, iwo anali ku kampu, ndipo chitowe anali asanachigwirepo chisanasinjidwe. A Scholastica chitowe ankachidziwa, koma lonalo analiponda koyamba tsiku limenelo, maso ali pa mitolo.

A Monica anaika foni m'chikwama, nakumbukira kuti ali ndi msonkhano ku Balaka.

A Scholastica anapita kunyumba, nakoka lona labuluu, naliyala pabwalo, nakutumula mitolo khumi yotsala ija. Inadzaza ndowa, chitowe choyera bwino. Anachithira m'thumba, namanga, nakachiika kuchipinda. Kenako anabwera ndi malichero awiri, limodzi napatsa amuna awo.

"Ine kupeta?"

"Inu."

"Mayi a Mwai, apa ndi pamsewu. Anthu akudutsa."

"Adutse. Nyerere sizikudikira."

Anapeta masiku anayi. Tsiku loyamba Che Sufiyani anabweretsa mpando wawo, nakhala pamthunzi, akupereka malangizo a kagwiridwe ka lichero. Pa mitolo makumi atatu ija a Willard ndi akazi awo anapulumutsa ndowa imodzi ndi theka, yosakanikirana ndi mchenga umene lichero linalephera kuuchotsa. Choyera chija a Scholastica anasunga kuti ndi mbewu. Chamchenga anati n'chodyera pakhomo, ndipo ankathira mu ndiwo za a Willard mosaumira. Bambowo ankatafuna pang'onopang'ono, mano akulira, osadandaula. Kwa ofunsa ankayankha kuti lonalo linalibe vuto, linachita zimene analipangira.

Mvula yoyamba itagwa mu Disembala, kumapeto kwa munda kuja kunamera chitowe chothithikana, m'mbali mowongoka ngati mwayezedwa ndi chingwe, makona anayi. Anthu opita kuchigayo ankaima kuti aone. A Willard anayamba kuima pafupi, atavala khaki uja, akufotokoza kuti imeneyo ndi nazale yamakono, njira imene anaiphunzira ku kampu.

Tsiku lina akufotokoza choncho kwa amayi atatu, a Scholastica anadutsa ndi makasu awiri. Limodzi anasiya pa mapazi awo.

"Nazale yanuyo yamera ndi udzu womwe. Mukatha kuphunzitsa, mupalire."