Manja a Kalipentala M'mimba mwa Kompyuta

"Mwaipha, bambo inu. Mwaipha kompyuta ya mwana."

Mayi anaima pakhomo la chipinda atagwira m'chiuno. Patebulo panali kompyuta itagonekedwa cham'mbali, chivindikiro chake chili pabedi, zam'mimba zonse zili poyera. Masikuluu anali m'kapu ya tiyi. A Kalipentala, amuna awo, anadinanso batani kachisanu. Feni inazungulira, kompyuta inalira katatu, pii, pii, pii, koma sikirini inangokhala bii.

"Sinafe," anatero a Kalipentala. "Chinthu chakufa sichilira."

"Mbuzi nayonso imalira akamaipha."

A Kalipentala anasuzumiranso m'kompyutamo. Thukuta linali kamukamu pamphumi, chonsecho kunja sikunkatentha.

Kompyutayo inali ya mwana wawo wamkazi, amene m'nyumbamo ankamutcha Injiniya kuyambira tsiku lomwe anamasula wailesi ali wamng'ono n'kuibwezeretsa ikulankhulabe. Tsopano anali m'chaka chomaliza kukoleji, komwe ankaphunzira zojambula mapulani a nyumba. Mawa lake m'mawa ankayenera kukaonetsa ntchito yake yomaliza pamaso pa aphunzitsi. Ntchitoyo inali nyumba yosanjikiza imene munthu amayendamo pasikirini ngati walowamo ndi miyendo yake. Wolephera pamenepo ankabwereza chaka chonse.

Vuto linali kompyuta. Inali ya zotsika mtengo zija, zobwera zitamangidwa kale. Polemba makalata inalibe mlandu. Koma Injiniya akangotsegula nyumba yake, inkayamba kudodoma ngati ngolo yolemedwa pamtunda. Ankatha kupita kukhitchini, kuwiritsa madzi, kubwerako, khoma limodzi lisanamalize kutembenuka. A Kalipentala, popala matabwa kuseri kwa nyumba, ankamva mwana wawo akuusa moyo, ndipo zinkawapweteka mumtima.

Ndiye m'mawa wa tsikulo, Injiniya atapita kukoleji, iwo anavala shati yabwino n'kupita kushopu ya makompyuta. Mayi wa m'shopumo anamvetsera bwinobwino, nafunsa mtundu wa kompyutayo, kenako anawatulutsira zinthu ziwiri. Choyamba chinali timatabwa tiwiri tobiriwira, tochepa ngati chipeso, tomwe anati ndi ramu, tothandiza kompyuta kunyamula zinthu zambiri nthawi imodzi. Chachiwiri chinali khadi la zithunzi, lokhala ndi feni yakeyake, loti nyumba ija izitembenuka osakakamira.

"Bwerani nayo kuno mawa ndidzakuikireni," anatero mayiyo.

"Mawa n'kuchedwa. Ine ndakhala ndikulowetsa mahinjesi m'zitseko zaka makumi atatu. Ndilephere kulowetsa chipeso?"

Mayiyo anaseka, nawajambulira papepala pomwe chilichonse chimalowa. Potsanzikana anawonjezera kuti, "Koma muzigwire mosamala, bambo. Zimenezi si matabwa."

Mawu amenewo ndi omwe anawatsatira mpaka kunyumba. Cholinga chawo chinali chakuti mwana akabwera apeze kompyuta ikuthamanga, iwo ali chete kuseri ngati sakudziwa kanthu. M'malo mwake, anali pano ndi kapu ya masikuluu.

Geti linalira.

"Ndi ameneyo," anatero mayi. "Ine sindinaoneko chilichonse. Ndinali kochapa."

"Mayi a Injiniya, imani pompo. Banja ndi limodzi."

"Pogula munandifunsa?"

Injiniya analowa chikwama chili paphewa, nyimbo ili pakamwa. Nyimboyo inathera pakhomo. Anayang'ana patebulo, anayang'ana pabedi, anayang'ana m'kapu, kenako anayang'ana bambo ake. Chikwama chinatsetsereka chokha mpaka pansi.

"Adadi, mwatani?"

"Ndimafuna ndikuthandize, mwanawe. Ndagula zoti izithamanga."

"Ikuyaka?"

"Ikulira."

Injiniya anadina batani. Pii, pii, pii. Anadinanso. Pii, pii, pii. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kugwira kumaso ndi manja onse awiri.

"Ndi mawatu, adadi. Mawa eyiti koloko."

"Suli nayo pena ntchitoyo?" anafunsa mayi. "Pa kafulashi kaja umakoloweka pamakiyi?"

"Ya pafulashi ndi ya masabata awiri apitawo. Ilibe denga. Anzanga onse makompyuta awo ali pantchito, palibe angandibwereke lero."

A Kalipentala akanakonda mwana akanawakalipira, koma iye sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinawalasa koposa. Anaima pafupi ndi zenera, manja atawabisa kumbuyo ngati mwana wasukulu amene waswa galasi la m'kalasi. Anachita manyazi, komanso anachita mantha enieni, kuti mwina ndi manja awo omwe awononga zaka zinayi za mwana wawo.

"Ndithamangire nayo kushopu kuja," anatero motsitsa.

"Lero amatseka masana," anayankha mayi. "Simunaone chikwangwani? Ine ndimadutsapo tsiku lililonse."

Injiniya anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anazula chingwe cha magetsi kukhoma, nakoka mpando, nayatsa tochi ya pafoni.

"Tandionetsani zomwe mwagwira. Zonse. Musabise kanthu."

A Kalipentala anafotokoza ngati munthu wopereka umboni. Anachotsa ramu yakale, nayi ili m'thumba la shati, atayikulunga m'kampango. Anaika ziwiri zatsopano m'mipata yake. Anaika khadi la zithunzi mumpata wautali wa m'munsi, n'kulimanga ndi sikuluu. Anabwezera zingwe zonse momwe anazipezera. Sanagwetse kanthu, sanakhotetse kanthu.

Injiniya anaunika pakhadi lija. Linali bwino, lowongoka ngati laikidwa ndi levulo. Anaunika pa ramu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaigwedeza pang'ono ndi chala. Inagwedezeka ngati dzino la mwana lofuna kuguluka.

"Adadi, iyi mwailowetsa bwanji?"

"Ndinaikhazika."

"Kuikhazika?"

"Eya. Mwaulemu."

"Tingowe tam'mbalitu sitinatseke. Onani. Imafunika kukankha mpaka ilire."

"Kukankha? Ayi. Mayi wa kushopu uja anati si matabwa."

Mayi anaseka mpaka kugwira felemu la chitseko. "Amuna anga! Munthu woti akatseka botolo la mafuta m'nyumba muno timachita kuitana aneba kuti atitsegulire. Lero wasanduka namwino."

"Inu sekani," anatero a Kalipentala. Anatulutsa manja awo kumbuyo kuja n'kuwayala patsogolo pa mwana wawo. Anali manja aakulu, okakala, ong'aluka m'zala, chikhadabo chimodzi chili chakuda chifukwa cha hamala. "Taona manja awa, Injiniya. Awa amadziwa kumenya basi. Zinthu zako zonse n'zosalala, zopepuka, ine sindizimvetsa. Nditagwira kachinthu aka ndinangomva ngati ndanyamula iwe tsiku lomwe unabadwa. Ndinaopa."

Mayi analeka kuseka. Injiniya anayang'ana manjawo, ndipo mkwiyo womwe unatsala unasungunuka. Akanatha kukankha yekha ramuyo, inali ntchito ya kamphindi. Koma anadzuka pampando.

"Pitani mukasambe m'manja, muli utuchi. Mukabwera mukankha ndinu."

"Kankha iwe, mwanawe."

"Mwayamba ndinu, mumaliza ndinu. Si mmene mumawauzira anthu kushedi kwanu?"

Anapita, anasamba, anabwera akupukutira m'shati yabwino ija. Injiniya anawagwiritsa kaye chitsulo cha bokosi la kompyutayo kuti magetsi a m'thupi awachoke, nawaonetsa kampata ka pansi pa ramu komwe kamayenera kukumana ndi kachitunda ka mumpata. Zimenezo anazimva msanga, pakuti n'chimodzimodzi mwendo wa tebulo polowa m'bowo lake. Anaika zala zazikulu ziwiri, china uku china uku.

"Kankhani."

Anakankha ngati akusisita mphaka.

"Adadi, kankhani ngati mukutseka diloo yotupa ndi mvula."

Anatsinzina, nakankha. Kete!

"Mayo! Ndathyola!" Analumpha chambuyo mpaka kugunda kabati.

"Simunathyole. Ndiko kulowa kwake kumeneko. Inayo."

Yachiwiri anailowetsa maso ali otsegula, ndipo italira kete anayang'ana akazi awo monyadira. Injiniya analumikiza magetsi n'kudina batani. Mafeni awiri anazungulira. Kulira katatu kuja sikunamveke. Onse atatu anatembenukira kusikirini n'kudikira.

Sikirini inakhalabe bii.

Mtima wa Injiniya unagwanso. Anazimitsa, anayatsa, palibe. A Kalipentala anayamba kale kubweza manja kumbuyo.

Mayi anali atazungulira kuseri kwa tebulo kuti atole kapu yawo ya tiyi isanagwe. Ali konko anawerama n'kusuzumira.

"Inu ophunzira, ndifunse nawo. Chingwe cha sikirinichi mwachibwezera pabowo lake lakale. Nanga chinthu chatsopanochi chabwera ndi mabowo akeake awa kuti muzilowa mphemvu?"

Injiniya anasuzumira nayenso, n'kudzimenya pamphumi. "Amama! Zithunzi tsopano zikutulukira kukhadi."

Anazula chingwe, nachilowetsa m'munsi. Sikirini inaphethira kamodzi n'kuwala kuti mbee. Zonse zinalipo, mafayilo ake onse ali m'malo mwake.

"Zaka zinayi kukoleji," anatero mayi akukhuthulira masikuluu m'dzanja la amuna awo. "Zaka makumi atatu kushedi. Ine wochapa."

A Kalipentala anakhala pabedi. Injiniya anatenga kanthawi akuikamo pulogalamu yoyendetsa khadilo, kenako anatsegula nyumba yake. Inatseguka iye asanachotse n'komwe dzanja pamausi. Anaitembenuza ndipo inatembenuka yonse, denga, makoma, mazenera, mosalala ngati chitseko chothiridwa mafuta.

"Adadi, bwerani muone zomwe mwachita."

Aka kanali koyamba kuti a Kalipentala aione nyumbayo. Kale ankangoona mizere papepala n'kumagwedeza mutu mwaulemu. Tsopano Injiniya anawalowetsa pakhomo lalikulu, anadutsa nawo pabalaza, anawaonetsa khitchini, n'kuyamba kukwera nawo masitepe. A Kalipentala anapendekera kutsogolo ngati akukweradi.

"Wajambula wekha zonsezi?"

"Ndekha."

"Mayi a Injiniya, mwana uyu ndi wathu ndithu?"

"Nzeru anatengera kuno. Kuuma mutu ndiye kwanuko."

Atafika pamwamba pa masitepe, a Kalipentala anakwinya nkhope. Anatsegula pakamwa, natsekanso. Anali atalakwa kale kokwanira tsiku limenelo, ndipo sanafune kuwonjezera. Koma Injiniya ankawadziwa bambo ake. Nkhope imeneyo inali yomwe ankaipanga akaona tebulo la munthu wina likutsimphina.

"Nenani, adadi."

"Palibe. N'zokongola."

"Nenani."

"Tabwerera pang'ono. Chitseko cha bafacho. Tachitsegula."

Injiniya anadina, chitseko chinatseguka. Chinatsegukira kunja, n'kutchinga sitepe yomaliza yonse.

"Taganiza mayi akowa akukwera ndi dengu la zovala, sakuona kutsogolo," anatero a Kalipentala pang'onopang'ono. "Ine ndili m'bafa, ndamaliza, ndakankha chitseko. Tikawatola kuti?"

"Pansi," anayankha mayi. "Ndipo ndikadzuka mudzandidziwa."

Injiniya sanaseke. Anatseka chitsekocho, natsegulanso, natsekanso. Miyezi yonseyi kompyuta inkauma iye akangoyamba kukwera masitepe, choncho chipinda cham'mwamba ankangochiona pamapulani, osayendamo. Papepala kanali kamzere kokhota kosaoneka vuto. Mphunzitsi wamkulu wa mawa anali munthu wosaphonya zinthu zotere, ndipo chitseko chogwetsa munthu pamasitepe sichinali cholakwa chokhululukidwa.

"Akanandibweza," anatero motsitsa. "Pa chitseko chimodzi chokha."

"Si nkhani yaikulu, mwanawe. Sinthira mahinjesi m'kati, chizitsegukira kukhoma lakumanzere. Malo alipo, sichigunda sinki."

Anasintha. Chitseko chinatsegukira m'kati n'kuima bwinobwino pakhoma. A Kalipentala anagwedeza mutu, nadzuka, nayamba kutolera masikuluu kuti atseke chivindikiro abwerere kumatabwa awo.

"Mukupita kuti?" anafunsa Injiniya.

"Ndakusokoneza kokwanira. Ugwire ntchito."

Injiniya anatuluka. Anabwera atanyamula mpando wa pabalaza, nauika pafupi ndi wake, moyang'ana sikirini.

"Nyumbayi ili ndi zitseko khumi ndi zinayi, makabati asanu ndi awiri, ndi masitepe. Simuchoka pano mpaka titatsegula chilichonse."

A Kalipentala anayang'ana mpandowo, nayang'ana mwana wawo. M'maso munawatentha, ndipo ananamizira utuchi. Anakhala pansi, natulutsa magalasi m'thumba.

"Yambira kukhitchini," anatero. "Ndaona diloo ina ikuyandikana kwambiri ndi chitofu."

Panthawiyo kugeti kunamveka odi. Anali mwini malo odyera wa kumsewu, amene anabwera kudzatenga mipando yake isanu ndi umodzi yomwe inatsala kupaka vanishi. A Kalipentala anayamba kudzuka, koma mayi anawakhazika ndi dzanja paphewa n'kutuluka okha.

"Pepani, achimwene, mubwere mawa masana," anamveka akutero kunjako. "A Kalipentala lero kulibe. Ali kukoleji."