Alile M'jekete la Bambo Ake

Alile atayamba kutsokomola, aliyense ku Kaphuka anangoti ndi chisanu. Unali mwezi wa Juni, ndipo inu mukudziwa mmene kumazizirira kuno ku Dedza: munthu umasamba kumaso kokha, thupi lonse n'kuliuza kuti lidikire Ogasiti. Koma sabata yachiwiri chifuwa chija chinasintha. Khanda la miyezi itatu linkatsokomola mosalekeza mpaka milomo kuda, kenako n'kukoka mpweya movutikira, n'kusanza mkaka wonse.

Bambo ake, Gerevazio, mtima unali m'mwamba. Alile anali mwana wake woyamba, ndipo ankamukonda mochita kunyanya. Akangofika kuchokera ku Linthipe kogulitsa kachewere, ankatsamiritsa njinga pakhoma, n'kumulowetsa mwanayo m'jekete lake lalikulu la pakaunjika, zipi n'kukoka mpaka kutsala kamutu kokha. Amuna anzake ankamuseka kuti chamutsalira n'kuyamwitsa basi, iye osalabada. Ndi chikondi chomwecho analetsa mkazi wake Rozina kupita ndi mwana kusikelo.

"Kuzizira konseku akamuvule mwana wanga? Ayi, mayi a Alile, tidikire kutenthe," ankatero. Choncho Alile anali asanabayidwepo katemera wa chifuwa ndi kamodzi komwe.

Gerevazio anali mkamwini pamudzipo. Tsiku lina m'mawa apongozi ake, aMagadalena, anakhala pakhonde atayang'ana kumbali, n'kumayankhula ndi Rozina mokweza kuti mkamwini amve.

"Iwe Rozina, ichi si chifuwa wamba, ndi tsempho ili. Khanda silidwala chonchi popanda kholo loyenda njira zamseri. Amuna akowa akagulitsa kachewere ku Linthipe amakathera kuti? Aulule tikafune mankhwala achikuda. Akakana, njira yakwawo akuidziwa."

Gerevazio analumbira mpaka mawu kusasa. Chimene chinamupweteka koposa n'chakuti Rozina sanamuikire kumbuyo, anangowerama n'kumalira. Dzuwa linafika pamutu anthu akukangana, mwana osayamwa.

Mwamwayi aJestina, alangizi a zaumoyo amene amakhala kuseri kwa mpanda wawo, anamva kutsokomolako pobwera kuntchito.

"Odi! Ndani akukoka mpweya choncho?" Atangomuona Alile nkhope yawo inasintha. "Amayi, mlanduwo mudzakamba mawa, mwanayu sangadikire. Ichi ndi chifuwa chokoka mtima, ndipo khanda lotere chimalitenga msanga. A Gerevazio, thamangani mukaitane kabaza wanjinga yamoto!"

Kuchipatala anamugoneka Alile, n'kumuika timapaipi ta mpweya m'mphuno ndi kumuyambitsa mankhwala. Gerevazio ali chiimire pafupi ndi bedi, anatsokomola. Namwino anacheuka.

"Bambo, inu chifuwachi mwakhala nacho nthawi yaitali bwanji?"

"Aa, kachifuwa ka fumbi lapamsewu aka. Mwezi wapitirira."

"N'kutheka kuti ndi chomwechi. Kwa wamkulu chimangokhala ngati chimfine chosamva mankhwala, koma akatsokomolera pafupi ndi khanda amalipatsira."

"Koma ine mayi anga anandibayitsa katemera ndili mwana!"

"Anachita bwino, ndipo katemerayo anakutetezani pa nthawi imene munali wosakhwima. Kungoti mphamvu yake imanka ichepa zaka zikamapita. N'chifukwa chake khanda liyenera kulandira wakewake pa nthawi yake."

Gerevazio anayang'ana jekete lake, malo omwe aja pamene pamakhala kamutu ka Alile, pansi penipeni pa chibwano chake. Anakhala pansi.

"Ndiye kuti ndamudwalitsa ndine," anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Ndimati ndikumufunditsa."

Rozina anagwada n'kumugwira dzanja. "Simunadziwe, bambo a Alile. Inenso ndikhululukireni, ndinakukayikirani."

Banja lonse linapatsidwa mankhwala kuti matendawo asafalikire. Alile atayambanso kuyamwa, namwino uja anawafotokozera za kafukufuku amene ankachitika pachipatalapo. Madokotala ankatenga timagazi pang'ono kwa ana ndi akulu kuti aone kuti chitetezo cha katemerayu chimakhalitsa bwanji m'thupi.

"Si zokakamiza," anatero namwinoyo. "Mukakana, mwana tipitiriza kumusamala chimodzimodzi. Funsani chilichonse musanavomere."

Rozina anachita mantha. "Magaziwo si aja amati amakagulitsa?"

"Ayi, mayi. Ndi ochepa, osadzaza supuni, ndipo ntchito yake ndi kuyeza basi. Bwerani muone kumene timayezera."

Anapita kukaona, anafunsa mpaka mafunso kutha. Kenako Gerevazio anapinda yekha mkono wa malaya. "Tengani. Ngati magazi angawa angathandize kuti bambo wina asadzakhale pansi ngati ine, tengani ndithu."

Tsiku limene Alile anatuluka m'chipatala, aMagadalena anali pakhonde pomwe paja, atayang'ananso kumbali. Jekete lija, limene Gerevazio analitaya kuseri kwa nkhokwe chifukwa chosafunanso kuliona, linali pamwendo pawo, lochapidwa bwino, zipi yake yosokedwa mwatsopano.

"Iwe Rozina," anatero mokweza ngati tsiku lija, "uwauze amuna ako kuti pakamwa pangapa panalakwa, andikhululukire. Uwauzenso kuti aJestina akuti Lachinayi kuli sikelo. Poti chifuwa chawo chatha, amulowetse mdzukulu wangayu m'jekete muno asazizidwe panjira. Inenso ndipita nawo."

Gerevazio analandira jeketelo ndi manja awiri.

Alile anabayidwa katemera katatu konse monga mwa ndondomeko, ndipo nthawi zonse ankapita kusikelo ali m'jekete la bambo ake, agogo ake akutsatira pambuyo. Lero ndi kamtsikana kothamanga m'mizere ya kachewere, kosagwirika.

Makolo, chisanu chisakulepheretseni kupita ndi mwana kusikelo. Katemera woteteza ku chifuwa chokoka mtima amayamba mwana akakwanitsa masabata asanu ndi limodzi, ndipo amabayidwa katatu. Amene akutsokomola atalikire khanda, ngakhale alikonde chotani. Ndipo mwana akayamba kukoka mpweya movutikira, musayambe ndi kufunafuna wolakwa, thamangirani naye kuchipatala.