Zipi ya M'khwapa

"Ayi, Aphunzitsi, ichi si chovala, ndi denga," anatero a Telala, akubweza foni. "Munthu wanzeru zake angavale zimenezi?"

Aphunzitsiwo anabwera m'shopumo ndi chithunzi cha chigawenga cha m'filimu ina ya zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Ana awo a kusekondale ankachita sewero la nkhaniyo pa mpikisano wa Loweruka, ndiye pankafunika chovala chofanana nacho. Bambo wa pachithunzipo anali mu mkanjo wakuda wokwekwereza pansi, mapewa otambalala ngati thebulo, kolala yofika m'makutu.

"Taonani, zipi palibe, batani palibe," a Telala anapitiriza. "Akafuna kupita kuchimbudzi amatani? Amaitana asilikali anayi? Komanso wankhondo wanji wovala mkanjo wotere? Kungomuponda kumbuyoku, basi wagwa chagada. Anthu a mafilimu amatiyesa ana."

Pakona, mng'ono wawo anaimitsa makina. Makasitomala ankamutcha Kasingano chifukwa anali woonda ndi wosalankhulalankhula. Anali atasoka m'shopu ya mkulu wakeyo zaka zisanu ndi zinayi. Anapempha foniyo, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala.

"Zipi ilipo, achemwali. Ili m'khwapa, anaibisa mumsoko. Mapewawa ndi siponji ndi waya. Mkanjowu wakoledwa ndi tingowe tiwiri, nkhondo ikayamba amangoukolola."

"Eya, n'zimene ndimati ndinene," anatero a Telala osaphethira n'komwe. "Mubwere Lachisanu, Aphunzitsi, mudzapeza nditamaliza."

Amene anamaliza ndi Kasingano. Masiku atatu analimbana nacho chinthucho. Anathyola singano ziwiri, waya anamucheka chala, ndipo kolala anaiphwasula katatu isanaime bwino. Akulu ake ankalowa, n'kugwiragwira nsaluyo, n'kuti "fulumira", kenako n'kubwerera pakhonde kukacheza ndi mayi wa saluni.

Lachisanu masana Aphunzitsi anachiyesa okha chovalacho. Anaima pagalasi, n'kutembenuka uku ndi uku, pakamwa pali yasa.

"A Telala, manja anuwa ndi odalitsika! Kuposa cha m'filimu momwe!"

"Ndi ntchito yathu," anayankha a Telala, akukonza kolala yomwe sanaisokepo ngakhale msoko umodzi. "Koma tandiuzani, bambo ameneyu ankavutiranji anthu?"

Aphunzitsi anafotokoza. Chigawengacho chinali mng'ono wa mfumu. Ndiye anamanga mzinda wonse woyandama m'mlengalenga, zaka makumi awiri akugwira ntchito. Tsiku lotsegulira, mfumu inalembetsa dzina lake lokha pachipata, mng'ono wake osamutchula. Kuyambira pamenepo bamboyo anayamba kuzimitsa nyenyezi imodziimodzi.

A Telala anaomba m'manja. "Bodza lenileni! Akanati anamulanda mkazi kapena nyumba, ndikanamva. Koma dzina? Dzina amadya? Mkulu wake ankamudyetsa, kumuveka, kumusunga, iye n'kumakwiyira zilembo za pachipata? Palibe munthu wotero padziko pano. Ndi kusayamika basi."

Anatsegula dirowa, n'kutulutsa kansalu kolembedwa dzina lawo, kamene kamasokedwa mkati mwa kolala ya chovala chilichonse chotuluka m'shopumo.

"Iwe, tasokerera aka. Kumpikisanoko adziwe kumene chachokera."

Kasingano anakayang'ana kansaluko. Anali atasokerera tinsalu totere tambirimbiri, pa madiresi aukwati, pa mayunifolomu, pa masuti amene iye yekha anadula ndi kusoka. Koma lero mtima unamuwawa kwambiri, ndipo dzanja linakana kulandira.

"Achemwali, bambo uja ine ndamumvetsa."

"Wati chiyani?"

"Ndati ndamumvetsa. Kuzimitsa nyenyezi analakwa, inde. Koma zoti munthu sangapse mtima chifukwa cha dzina, musanene. Chovalachi mwagwirapo pati? Tandilozerani msoko wanu umodzi, umodzi wokha, ndisokerera dzina lanulo pompano."

Aphunzitsi anali chiimire pagalasi paja, ali m'mapewa a siponji aja.

"Iwe, bongololo sadzolera mafuta pagulu," a Telala ananong'ona, maso ali psuu. "Tikambirana alendo akapita."

"Zaka zisanu ndi zinayi alendo akhala akupita, takambirana liti?"

"Ndinakuphunzitsa kusoka ndine! Unabwera pano usakudziwa ngakhale kulowetsa ulusi!"

"Munandiphunzitsadi, ndipo ndimathokoza. Koma kuthokozako kulibe tsiku lomaliza?"

"Ndiye ukufuna chiyani? Nawenso uzimitse nyenyezi?"

"Ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Kasingano anamasula lamba wa makina ake, omwe anagula yekha chaka chake chachitatu m'shopumo. Anakulunga sizasi, tepi ndi choko m'kansalu, n'kunyamula mutu wa makinawo pachifuwa. Unali wolemera kuposa mmene ankaganizira.

"Nanga madiresi khumi a akwaya aja asoka ndani?" a Telala anakuwa. "Akuwafuna Lachitatu!"

"Pakolala padzakhala dzina la ndani?"

Atatero, Kasingano anatuluka m'shopumo.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Kasingano sankadziwa khonde limene akaikepo makinawo. Asanafike pamsewu anamva mapazi kumbuyo. Anali Aphunzitsi, chovala chili m'manja, cholembera chili kukhutu.

"Pepani, mayi. Pa pepala la mpikisano pali mzere wa amene anasoka zovala. Ine ndimangomva akuti Kasingano. Dzina lanu lenileni ndani?"

Kasingano anatsitsa makinawo pansi, n'kupukuta manja pa siketi. Anawauza dzinalo pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, n'kuyang'anitsitsa mpaka atalemba lonse.